ZA PAKHOMO PATHU: Kamdala ka Ulusi ka ku Kafue

Sabata yatha tinakambirana za kafutsidwe ka ndiwo zamasamba. Lero tikambe za kuluka, ndipo nkhani yace ndabwera nayo kucokera ku Kafue, tauni imene iri pa mtunda wa makilomita 45 kumwera kwa Lusaka, pa mseu wopita ku Livingstone.

Mwezi watha ndinapita kumeneko kukaona alamu anga, mai wamasiye wa imvi kumutu amene adzithandiza ndi malonda a nsomba zouma. Masiku onse pakhomo pao sipasowa anthu. Koma ulendo uno ndinapeza pali zii. Tinakhala kufikira dzuwa kupendeka osaona ngakhale mwana wodzapempha moto. Pamene ndinafunsa, iwo analowa m'nyumba natuluka ndi kanthu m'manja.

"Mlamu, mlandu wanga ndi uwu," anatero.

Kanali kacidole koluka ndi ulusi, kotalika monga citsononkho ca cimanga. Kanali ndi cisoti cofiira cosongoka, mphuno yobulungira monga nzama, ndi ndebvu zoyera zofika kumapazi. Maso kanalibe, pakuti cisoti cinatsika kufikira pamphuno. Mdzukulu wao anaona cithunzi ca kamdala kotere pa foni, napempha agogo ace kuti amlukire. Iwo analuka madzulo atatu, nakaika pa kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Tsiku lina mai wa nyumba yoyandikana anadza kudzabwereka sefa. Ataona kamdala kaja anatuluka wosalawira, sefa yomwe anaisiya. Pasanathe masiku awiri mbiri inawanda m'komboni monse kuti gogo wa nsomba aweta ndondoca, imene ena aicha tokoloshi, ndi kuti ndiyo imkokera ndalama za anzace usiku. Ogula anacepa. Ana analetsedwa kusewera ndi mdzukulu uja. Alamu anga akafika pa mpope, nkhani zinali kudukira pomwepo.

Ena a inu mudzaseka, koma iyi si nkhani yoseketsa ai. Tonse tidziwa nkhalamba zimene zinamenyedwa, kutenthedwa nyumba kapena kupitikitsidwa pamudzi cifukwa ca manong'onong'o amene anayamba motere. Nkofunika kukumbutsana kuti m'dziko lathu muli lamulo la za ufiti, Mutu 90 wa Malamulo a Zambia, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1914. Lamulo limeneli liletsa kuloza munthu cala ndi kumucha mfiti, ndipo wocita zimenezi angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa.

Nanga kamdala kameneka kwao nkuti? Azungu akacha gnome. M'nthano za anthu a ku Germany ndi maiko oyandikana nao muli tianthu tating'ono tokhala pansi pa nthaka, tolonda cuma ca m'miyala, ndipo akuti usiku tithandiza mlimi m'dimba mwace. Zaka za m'ma 1800 amisiri oumba a ku Germany anayamba kuumba tizidole ta dothi ta tianthu timeneti ndi kutiocha monga tiochera mbiya. Mudzi wa Gräfenroda unachuka ndi nchito imeneyi, ndipo nyumba youmbira ya Philipp Griebel, imene inatsegulidwa kumeneko mu 1874, inadziwika kutali. Mu 1847 Mngelezi wina, Sir Charles Isham, anagula tizidole totere 21 ku Germany nakatiika m'dimba la maluwa pa nyumba yace ya Lamport Hall. Ana ace akazi sanatikonde, ndipo iye atamwalira anaticotsa. Kamodzi kokha kanapulumuka, ndipo kasungidwa kufikira lero.

Mwaona tsono kuti anansi a alamu anga sanali opusa. Nthano ya kamunthu kogwira nchito usiku anthu ali m'tulo ifanana ndithu ndi zimene ife tinamva kwa makolo athu, ndipo munthu woona ndebvu zopanda maso kwa nthawi yoyamba ayenera kudzidzimuka. Kulakwa kwao kunali kumodzi: sanafunse. Akulu anati safunsa anadya phula. Kwa eni ace kamdala kameneka kali monga Kalulu kwa ife. Mwana akaumba Kalulu ndi dothi la pa culu, palibe aopa kuti Kaluluyo adzatha nshawa m'munda usiku.

Candimvetsa cisoni ndi cakuti zimenezi zacitika ku Kafue, kumene ulusi unali kudyetsa mabanja ambirimbiri. Kale Kafue anali kudziwika ndi ulalo wa njanji umene unamangidwa pa mtsinje mu 1906. Titalandira ufulu mu 1964 Boma linasankha malo amenewa kukhala tauni ya mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunamangidwa Kafue Textiles, ndipo mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals inayamba nchito. Thonje la alimi athu linali kupotedwa ndi kuombedwa komweko, ndipo ambiri a inu munabvalako citenje ca ku Kafue. Cipitirire caka ca 1991 malonda anatseguka, nsaru zochipa zakunja ndi mabelo a salaula zinadzaza misika, fakitale ija inafooka, ndipo m'zaka za m'ma 2000 makina ace anaima. M'masiku obvuta amenewo azimai ambiri anagwiriziza mabanja ndi nchito za manja: madoili oyala pa mipando, tizisoti ndi tinsapato ta makanda, mashawelo oberekera ana. Ngakhale ku Ireland, pa njala yaikuru imene inayamba mu 1845, mabanja ambiri anapulumuka cifukwa azimai ndi ana anaphunzitsidwa kuluka ndi singano ya ngowe nagulitsa zoluka zao kunja. Luso lotere silifunika kuti tiliopseze ndi miseche.

Usiku umenewo alamu anga anafuna kuponya kacidoleko pa mbaula. Ine ndinawaletsa. Ndinati, "Alamu, mukakatentha adzati mwaononga umboni. Mukakabisa adzati mwakasamutsira kucipinda. Mawa tiyale mphasa pabwalo."

M'mawa mwace tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, pamene aliyense wopita ku mpope apenya. Tinaitana mai wa sefa uja pamodzi ndi amai otsogolera cigwirizano ca azimai a ku chalichi. Alamu anga anatenga lumo nadula ulusi wa pansi pa cidole, nayamba kusolola. Munaturuka tizidutswa ta citenje cakale ndi kathumba ka timiyala ta kumtsinje. Anapitiriza kusolola kufikira kamdala konse kanasanduka mpira wa ulusi wofiira ndi wina wobiriwira. Pamenepo anatenga singano yao nayamba kulukanso, onse ali kupenya. Mai uja anakhala cete nthawi yaitali, ndipo potsiriza anati, "Amama, ndakulakwirani. Kodi mphunoyo muyamba bwanji?" Pofika tsiku lacitatu pa mphasa panali azimai asanu ndi awiri.

Popeza mankhwala a mantha otere ndi kudziwa, nayi njira yace kuti nanunso muyese.

Pafunika singano yolukira ya ngowe ku nsonga, ya mamilimita 3 kapena 3.5. Ngati sitolo iri kutali, mmisiri wa njinga angakusulireni ndi sipoko yakale. Aikwece bwino kuti isamakole ulusi. Ulusi ukhale wa mitundu inai: wa thupi, wa cisoti, woyera wa ndebvu ndi wofiirira pang'ono wa mphuno. Musabvutike ndi kugula watsopano. Juzi yakale imene ana aikana isololeni, zengani ulusiwo pa msana wa mpando, mangani m'malo anai, capani ndi madzi ofunda, ndipo poyanika pa mthunzi mangirirani kamwala kunsi kwace kuti makwinya aongoke.

Kalukidwe kace ndi kamodzi kuyambira pansi kufikira pamwamba. Lowetsani ngowe m'diso, kolani ulusi ndi kuukoka. Pa singano pakhala maso awiri. Kolaninso ulusi ndi kuupyoza m'maso onse awiriwo. Limenelo ndi diso limodzi latsopano. Lukani mothinitsa kuti za m'kati zisamaonekere.

Yambani ndi thupi. Pangani kamphete ka ulusi, mulukemo maso 6 ndi kukoka kamcira kuti dzenje litsekeke. Pa mzere waciwiri lukani kawiri m'diso liri lonse, akhale 12. Pa mizere yotsatira onjezani maso 6 mzere uli wonse, motalikirana bwino: 18, 24, 30, kufikira 36. Pamenepo muli ndi kambale kosalala, ndiko pokhalira pace. Ikani kaulusi ka mtundu wina poyambira mzere kuti musasokere powerenga. Lukani mizere 12 yosaonjezera kanthu, ndipo mudzaona khoma liri kukwera monga nkhokwe. Tsopano cepetsani maso 6 mzere uli wonse mwa kuluka maso awiri pamodzi: 30, 24, 18. Imani pamenepo. Ikani pansi kathumba kosokedwa bwino ka timiyala kapena mcenga wouma kuti cidole cikhazikike, ndipo dzazani ndi thonje lopanda njere kapena tinsanza toyera todulidwa tating'ono. Musaikemo cimanga, nyemba kapena gaga, pakuti mudzaitana anankafumbwe ndi makoswe. Tsirizani ndi 12, kenaka 6, ndi kutseka.

Cisoti ciyambira ku nsonga. Lukani maso 6 m'kamphete. Mzere wina onjezani maso 3, wotsatira osaonjezera, motero kufikira akwane 36. Mphuno ndi kampira: maso 6, kenaka 12, mzere wina wa 12, kenaka 6, ndi kathonje pang'ono m'kati. Isokereni pakati pa thupi cakumwamba. Za ndebvu, dulani tiulusi toyera totalika monga cikhato, pindani kali konse pakati, kolowetsani m'diso ndi ngowe ndi kumanga mfundo. Pangani mizere iwiri pansi pa mphuno ndi m'mbali mwace, pesani ndi cipeso kuti ulusi umasuke, ndipo dulani mosongoka. Potsiriza bvekani cisoti ndi kucisokerera. Nchito yoyamba idzapotoka, koma musataye mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Macenjezo alipo atatu. Coyamba, cidole ca ulusi si ca m'dimba monga ca dothi ca ku Germany. Dzuwa licisuluka, mvula iciolesa, ndipo ciswe sicicedwa. Malo ace ndi m'nyumba. Caciwiri, ulusi wambiri wa masiku ano ndi wa pulasitiki ndipo usungunuka msanga, motero cisakhale pafupi ndi koloboyi, kandulo kapena mbaula. Cacitatu, ngati cidzakhala m'manja mwa mwana wosafika zaka zitatu, musasokerepo mabatani kapena mikanda, ndipo m'malo mwa timiyala ikani nsanza zokha, kuopa kuti angameze ndi kutsamwa.

Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitilakwa kuphunzira kwa iye. Koma palibe lamulo lakuti kamdala kathu kafanane ndi ka ku Germany. Pa mphasa ija ndinapempha azimai kuti aike maso awiri osoka ndi ulusi wakuda, pakuti kwathu nkhope yobisika siikondedwa. Wina anacepetsa ndebvu nabveka cisoti ca mlaza, napatsa kamdala kace kakhasu ka mtengo paphewa. Wina analuka msodzi wa pa mtsinje wa Kafue ndi nkhafi yace. Mdzukulu uja analuka agogo ace enieni, duku kumutu, citenje m'cuuno, lichero la nsomba pamutu, ndipo anthu anaseka kufikira misozi. Thupi ndi lomwe lija la maso 36. Cisintha ndi cobvala cabe. Zidole zotere ndizo zingakometse nyumba zathu, ndipo mlendo wodutsa pa mseu waukuru angazigule cifukwa kwao kulibe.

Inu a makalabu a azimai, ndi inu aphunzitsi a zamanja m'masukulu, tengani nchito imeneyi. Mukaphunzira cinthu cacilendo, cilukireni pabwalo masana, ana ndi anansi ali kuona, ndipo wofunsa muyankheni mokoma. Nanunso mukaona cinthu cosazolowereka m'nyumba ya mnzanu, funsani mwini wace musanakafike naco ku mpope. Pamene ndinali kukwera basi yobwerera, alamu anga anali atayamba kale kugulitsa nsomba monga mwa masiku onse, ndipo sefa ija inali itabwerekedwa.

Amene mudzayesa, tilembereni kuti timve m'mene mwayendera. Sabata ya mawa tidzakambirana za kuluka mphasa za pakhomo ndi matumba akale a pulasitiki. Tsalani bwino.