ZA UMOYO WATHU: Musanagulitse Ng'ombe Cifukwa ca Maso

Owerenga athu ena amva kwa ana awo a m'tauni za opareshoni ya maso ya laser, imene imathandiza munthu kuleka kubvala mandala. Musanatsegule khola, mvetsetsani izi.

Dokotala amasema pang'ono mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso ndi kuwala kwamphamvu. Nchitoyi imatenga mphindi zowerengeka, koma mtengo wace ndi waukulu. Pamwamba pace muwerengere ulendo, malo ogona, mankhwala odontheza m'maso ndiponso kubwererako kukapimidwa.

Dziwaninso kuti opareshoni imeneyi siciritsa ng'ala, nthenda imene imatseka maso a okalamba ambiri. Ng'ala ili ndi opareshoni yaceyace. Mwana wosakwana zaka 18 samcita laser. Munthu akapitirira zaka 40, kawirikawiri amafunabe mandala owerengera, ndipo ena maso amawauma kwa miyezi ingapo.

Comweco yambani mwapimitsa maso ku cipatala, monga ca Mwami kufupi ndi Chipata, kuti mudziwe cimene cabvuta. Ngati dokotala anena kuti mandala akwanira, gulani mandalawo, ndipo ng'ombe itsale ilime munda.