Musagwetse Mboni Zathu

Alipo anthu ena, ambiri a iwo anyamata ophunzira, amene amati nyumba zakale za pa Boma, monga khoti, ndende ndi ofesi ya Bwana D.C., zigwetsedwe kuti pamalo pake pamangidwe masitolo. Amati nza atsamunda, ndipo zingotikumbutsa manyazi. Ine mau amenewa ndiwakana.

Coyamba ndifunse: anaumba njerwazo ndani? Taganizani za Fort Jameson, amene lero ndi Chipata. M'caka ca 1898 asilikali a atsamunda anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha Nsingo mwana wake. Pambuyo pake anamanga Boma limene linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Koma kumeneko, monganso m'maboma ang'ono onse, Mzungu analoza ndi cala cabe. Oponda dothi, oumba njerwa ndi osenza mitengo ya denga anali makolo athu. Wogwetsa makoma otere agwetsa thukuta la agogo ake.

Caciwiri, lingalirani za bwalo la patsogolo pa khoti, pamene panaima mbendera. Pamenepo amuna anakhala pansi padzuwa, cisoti m'manja, kudikira kuti mesenjala aitane dzina lao. Pamenepo anapereka msonkho wa nyumba, ndipo wosowa ndalama anatsekeredwa m'ndende. Tsono mwana wobadwa pambuyo pa 1964, caka ca ufulu wathu, adzabvomereza bwanji zimenezi ngati palibe comuonetsa? Akulu anati mlandu suola. Koma inu nomwe mudziwa kuti mlandu wopanda mboni umagwa. Nyumbazi ndizo mboni zathu.

Kusunga nkotheka. Ku Kalomo, kumene kunali likulu la North-Western Rhodesia kufikira 1907, nyumba ya mkulu wolamulira dzikolo isungidwa monga cikumbutso ca mtundu wonse. Ndiponso lamulo la 1989 licinjiriza nyumba zomangidwa cisanafike caka ca 1924. Koma lamulo silifolera denga, silipha ciswe. Kulekerera nyumba kuti idonthe mvula zaka khumi ndiko kuigwetsa komwe, kungoti wocita cimeneci sagwidwa ali ndi nyundo m'manja.

Cotero inu amene mwatsiriza sukulu, pitani ku Boma la kwanu pamodzi ndi nkhalamba imodzi, ikulozereni pamene inakhala pansi. Lembani zimene idzanena. Ndipo tsiku limene akhansala adzafuna kugulitsa malowo, imirirani pamsonkhano, nimukane.