Foni imatumiza manotsi, koma siimva mwana akalakwitsa



Masiku ano makolo ena akutifunsa ngati mwana sangamaphunzire ali pakhomo pogwiritsa ntchito foni ndi intaneti, n'kungopita kukalemba mayeso. Funsoli n'lomveka, chifukwa ndalama zavuta ndipo ena sukulu ili kutali. Koma njirayi tinaiyesapo kale mokakamizidwa.

Pa 23 Marichi 2020 boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19. Unduna wa Zamaphunziro unaika maphunziro a pulayimale pa wailesi ndipo a sekondale pa intaneti. A Fomu 4 anabwerera m'kalasi mu Seputembala, patatha miyezi yoposa isanu. Zotsatira za MSCE za chaka chimenecho zitatuluka, mwa ophunzira 100 alionse anakhoza 41 okha. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo kubedwa kwa mayeso komwe kunachititsa kuti alembedwenso mu Januwale 2021, komabe kukhala pakhomo nthawi yaitali kunathandizira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatsekanso sukulu kuno ku Mwanza. Palibe angalonjeze kuti sizidzachitikanso.

Kuno kwa Nthache mavuto ake timawadziwa: foni imodzi pa banja lonse, bandulo yodula, kukatchajitsa ku msika, netiweki yofuna kukwera pachulu. Koma ngakhale zonsezi zitatheka, pali chinthu chimodzi chimene foni singachite.

Ife tinadutsa ku madrasa timachidziwa. Qur'an sitinaiphunzire pongoyang'ana tsamba. Tinkakhala pamaso pa mwalimu, kuwerenga mokweza, iye n'kumatikonza pamene lilime laterereka. Sunkapita ku sura ina asanakumve n'kukhutira. Masamu, Chingerezi ndi Biology n'chimodzimodzi. Mwana akhoza kukhala ndi manotsi odzaza foni, n'kumadziona ngati wamva, pamene palibe anamufunsapo funso. A MANEB sachepetsa mulingo chifukwa wina anaphunzirira kunyumba: satifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo.

Sitikudana ndi foni. Imathandiza kupeza mapepala a mayeso akale ndi kubwereza phunziro limene silinamveke. Ikhale yothandizira mphunzitsi, isalowe m'malo mwake.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Akuluakulu a komiti, pa holide komanso sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, tipatseni chipinda cha madrasa pa maola amene ana aang'ono sakuchigwiritsa ntchito, ndi sola yotchajira mafoni. Ife aphunzitsi tizisinthana kukachonga ntchito. Atsikana akhale ndi nthawi yawo, aziweruka kusanade, chifukwa mu 2020 ambiri m'dziko muno sanabwererenso kusukulu kaamba ka mimba ndi maukwati.

Makolo, simufunika kudziwa Physics kuti muthandize. Swala ya Maghrib ikatha, muuzeni mwana akufotokozereni zomwe waphunzira lero. Akamadodoma, mwadziwa pamene pali vuto, ndipo mutiuze.

Inu ophunzira, sabata iliyonse lembani pepala limodzi la mayeso akale, foni mutaiika kutali, nthawi mukuiyang'ana, ndipo mubwere nalo kuti tilichonge. Musaope cholembera chofiira. Kuli bwino kuti cholakwacho tichipeze ife lero kusiyana n'kuti akachipeze wochonga wa MANEB.

Allah adalitse khama lathu tonse.