MOSE WA MU KATUNI SI MOSE WA PA EKSODO 2

Makolo angapo mwandifunsa ngati ana angaonere The Prince of Egypt, katuni ya nyimbo ija yofotokoza za Mose. Ine ndikuti eya, aonere. Koma musawasiye okha. Khalani nawo pompo Baibulo lili m'manja, chifukwa pali chinthu chimene filimuyi inachotsa, ndipo chimenecho chimandiwawa mumtima.

Amene anaipanga tiwapatse ulemu wawo. Inatuluka mu Disembala 1998 kuchokera ku kampani ya DreamWorks ya ku America, imene Jeffrey Katzenberg anayambitsa ndi anzake atachoka ku Disney mu 1994. Isanathe kukonzedwa, anaitana atsogoleri ambirimbiri a Chikhristu, a Chiyuda ndi a Chisilamu kuti aione, anene pamene palakwika. Nyimbo analemba Stephen Schwartz, ndipo ija ya When You Believe, imene Whitney Houston anaimba ndi Mariah Carey, inapata mphoto ya Oscar mu 1999. Filimuyi inapeza ndalama zoposa madola 200 miliyoni. Ku Malaysia ndi ku Maldives anailetsa poti Chisilamu sichilola kujambula mneneri. Pogawanika nyanja paja, abale, ngakhale munthu wamkulu thupi limachita tsembwe. Ntchito anaigwira, sindikukana.

Zina anasintha n'zazing'ono, ndipo eni akewo analemba koyambirira kwenikweni kuti asintha zina. Mu katuni wotola khanda ndi mkazi wa Farao, pamene Baibulo likuti anali mwana wamkazi wa Farao. Zimenezo mwana mungomuuza, basi.

Koma taonani apa. Mu katuni Mose akuona kapitawo akukwapula nkhalamba ya Chihebri, akuthamanga kukaleretsa, akumukankha, munthu uja akugwa kuchokera pamwamba n'kufa. Ngozi. Sanafune. Tsopano tsegulani Eksodo 2:12 muwerenge nokha. Mose anayamba wasuzumira kaye mbali zonse ngati pali womuona. Atatsimikiza kuti palibe, anapha, mtembo n'kuukwirira mumchenga. Munthu amene amayamba wasuzumira, ameneyo si wa ngozi ayi. Anaganiza, anachita, anabisa. Ameneyu ndiye Mulungu anamuitana pa chitsamba choyaka moto. Aleluya!

Sizinathere pomwepo. Mose wa mu katuni ndi wamphamvu zake, wooneka bwino, amadziyankhulira yekha pamaso pa Farao, Aroni ali pambali kumangokayika. Mose wa pa Eksodo 4 anadandaula kuti lilime lake ndi lolemera, anapempha kuti atumidwe wina mpaka Mulungu anakwiya, n'kumupatsa Aroni kuti azimuyankhulira. Ndipo Eksodo 7:7 akutiuza kuti poima pamaso pa Farao anali ndi zaka 80. Agogo enieni amenewo!

Mwina mukuti, Abusa, si katuni chabe imeneyi? Mverani. Ine ndimakhala pansi ndi anthu amene sanachite ngozi. Bambo amene anadya chuma cha ana amasiye akudziwa bwinobwino chimene akuchita. Mayi amene anapasula banja la mnzake mwadala. Mnyamata wotuluka kundende amene amakhala benchi ya kumbuyo, ndipo amathawa tisanati tigwirane chanza. Anthu amenewa mukawapatsa Mose wochapidwa uja, amati, eya, Mulungu amagwiritsa ntchito anthu abwino amene anangoterereka pang'ono, ine ayi. Koma mukawapatsa Mose wa pa Eksodo 2, wakupha wothawa mlandu, amene anakalambira kubusa nkhosa za apongozi ake ku Midyani, ndawaonapo akugwetsa misozi ndi kugwada. Mwana wanunso tsiku lina adzalakwa mwadala. Tsiku limenelo adzafuna Mose uti?

Ngakhale nyimbo yotchuka ija, ndi yokoma ndithu, koma mutu wake ukukamba za kukhulupirira kwa munthu. Pa Eksodo 14 Aisraele sanafike panyanja ali odzaza chikhulupiriro. Anali kulalatira Mose kuti bola akanawasiya ku ukapolo. Nyanja inagawanika anthu ali pakati podandaula. Ndi dzanja la Yehova limenelo, osati mphamvu ya mitima yawo.

Ndiye filimu ikatha musathamangire kukagona. Muwerengereni mwana Eksodo 2, mumufunse kuti wasiyanitsa chiyani, mumusiye ayankhe yekha. Lachitatu madzulo ku Bible study tiyambira pomwepo mpaka mutu 4. Bwerani ndi ana. Ndipo iwe m'bale wanga wa benchi ya kumbuyo, ndikudziwa kuti ukuwerenga izi, ubwere, mpando wako ndausunga kutsogolo.