Kusikelo sikokayeza kulemera kokha

Anzathu a m'makalabu a achinyamata, ambiri mwa inu ndinu amene mumatsala ndi khanda pakhomo amayi akapita kumunda kapena kumsika. Mumalibereka, mumalikhazika pamphasa, mumaliona tsiku lonse. Ife alangizi a zaumoyo timaliona kamodzi pamwezi kusikelo, kwa mphindi zochepa, nthawi zambiri likulira. N'chifukwa chake tikunena kuti nkhani ya kukhala, kukwawa ndi kuyenda kwa mwana ndi yanunso.

Mwana amayamba kulimba khosi, kenaka msana, miyendo pamapeto. Mu 2006 bungwe la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Pafupifupi onse anayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo anayenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Taonani kukula kwa mpatawo. Mwana wa anzanu akayenda pa miyezi 10, wa kwanu n'kuyenda pa miyezi 15, onsewo ali bwino. Ena mwa ana aja sanakwawe n'komwe.

Koma mawu amene sitigwirizana nawo ndi oti "ameneyu ndi waulesi, adzayenda yekha." Khanda silidziwa ulesi. Ngati pa miyezi 4 mutu ukungogwera kumbuyo mukamunyamula, pa miyezi 9 sakutha kukhala popanda chomutsamiritsa, kapena miyezi 18 yakwana asanayende, pitani naye kuchipatala. Inu omubereka mumamva kumsana kwanu ngati thupi lake lili lende ngati nsalu yonyowa, kapena ngati miyendo ikuuma n'kumapingasa moti kumubereka kumavuta. Onaninso ngati akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha ya thupi. Chosafunika kudikira tsiku la sikelo ndi mwana amene ankakhala kapena kuyenda, kenaka n'kusiya.

Zoyambitsa zilipo zingapo: kubanika pobadwa, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi, kunyentchera. Kachirombo ka HIV nakonso kamafika mu ubongo wa mwana amene sakulandira mankhwala, ndipo nthawi zina kuchedwa kukhala ndi kuyenda ndiko kumayamba kuonekera. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachiromboka amayezedwa magazi pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Akapezeka nako n'kuyamba ma ARV msanga, ubongo wake umatetezeka.

Tikudziwa kuti m'midzi mwathu mwana wotere amanenedwa kuti ndi tsempho kapena wachita kulodzedwa, ndipo makolo amalozana zala. Miyezi imene imathera m'milandu imeneyi ndi yomweyo imene mafizo akanathandiza kwambiri, thupi likadali lanthete. Ngakhale mapazi opindika chibadwire amawongoka ndi pulasitala akayamba msanga, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimagwira ntchito imeneyi.

Kulankhula kwa akuluakulu nkhani ngati iyi si kwapafupi, makamaka kwa mtsikana wa zaka 15. Musatchule matenda. Ingonenani zimene mwaona: "Amayi, mwanayu ndikamukhazika akumangogwa, tikafunse kusikelo." Akakana, tiuzeni ife, tidzafika pakhomo. Pakadali pano mumutsitseko kumsana, mumugoneke chafufumimba pamphasa ali maso inu muli pomwepo, ndipo muike chibekete patsogolo pake kuti adzutse mutu n'kuchifikira.