Odi Pakhomo: Mmene Anthu Odzipereka Amapambanitsira Masankho a Congress ku America

Pa 3 November 2026 anthu a ku America adzaponya mavoti posankha aphungu a Congress, Nyumba yao ya Malamulo. Dzina la pulezidenti silidzakhalapo pa pepala la voti, cifukwa masankhowa amacitika pakati pa nyengo ya ulamuliro wake. Koma mipando yonse 435 ya m'nyumba yochedwa House of Representatives idzalimbiranidwa, pamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando 100 ya Senate. Mu 2024 cipani ca Republican cinatenga mipando 220 mu House, ca Democratic 215. Mipando itatu cabe ikasintha manja, ndiye kuti ulamuliro wa nyumbayo wasintha.

Wina angafunse kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno. Congress ndiyo imavomereza ndalama zonse zimene boma la America limagwiritsa nchito, kuphatikizapo thandizo lopita ku maiko ena. PEPFAR, imene yathandiza kwambiri kuti mankhwala a ma ARV azipezeka m'zipatala zathu, inakhazikitsidwa ndi lamulo la Congress mu 2003. Mu July 2025, pamene Congress inali kucotsa madola pafupifupi 9 biliyoni pa ndalama zimene inali itavomereza kale, madola 400 miliyoni a PEPFAR anapulumuka cifukwa aphungu ena a Senate anakana. Conco zimene zimacitika m'nyumbayo zimafika mpaka pa mzere wa kukiliniki kwathu.

Nanga mipando imeneyi imapambanidwa bwanji? Cimene timaona pa nkhani ndi ndalama zambirimbiri, misonkhano ikuluikulu ndi zolengeza za pa TV. Cimene sicionekera kwenikweni ndi anthu wamba amene, akaweruka ku nchito kapena pa Ciweru m'mawa, amayenda khomo ndi khomo popanda malipiro alionse.

Mbali zonse ziwiri za ndale zinaona mphamvu ya anthu otere. Mu 2009 kunayamba timagulu tochedwa Tea Party, ta anthu okwiya ndi misonkho komanso mmene boma la Barack Obama linali kugwiritsira nchito ndalama. Anali kukumana m'nyumba ndi m'malo odyera, ndipo phungu akabwera kudzacititsa msonkhano m'dera lake anali kudzaza holo ndi kumupanikiza ndi mafunso. Mu 2010 a Republican anaonjezera mipando 63 mu House. Mu June 2014, pa masankho a m'kati mwa cipani ku Virginia, Eric Cantor, mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a Republican mu House, anagonja kwa mphunzitsi wa pa koleji, Dave Brat. Cantor anagwiritsa nchito madola opitirira 5 miliyoni, pamene Brat anali ndi pafupifupi 200,000 cabe.

A Democratic anatengerapo phunziro. Mu December 2016, Donald Trump atangopambana, anthu ena amene kale anali kugwira nchito m'maofesi a aphungu, pakati pao Ezra Levin ndi Leah Greenberg, analemba kabuku kochedwa Indivisible ndi kukaika pa intaneti. Sanabise kuti njira zambiri anaonera kwa a Tea Party. Mfundo yao inali yakuti phungu samvera munthu wa kutali, amamvera anthu a m'dera lake amene angamucotse pampando. Timagulu masauzande tinabadwa. Mu 2018 a Democratic anaonjezera mipando pafupifupi 40 ndi kutenga House. Pafupifupi theka la anthu oyenera kuvota anavota caka cimeneco, pamene mu 2014 sanafike ngakhale 40 pa 100 alionse.

Nchito yeniyeni ya anthu odziperekawa si yapamwamba ai. Ku America kaundula wa ovota amaonetsa ngati munthu anavota pa masankho apita, ngakhale saonetsa amene anam'votera. Conco gulu limadziwa makomo a anthu amene analembetsa koma amakonda kukhala kunyumba pa tsiku la voti. Odzipereka amapatsidwa misewu yao, amagogoda pa citseko, amafunsa mwininyumba cimene cikumudetsa nkhawa, ndi kumufunsa kuti adzavota tsiku liti, nthawi yanji, adzapita bwanji. Ena amatuma foni, ena amalemba makalata ndi manja, ena amanyamula okalamba pa motoka kupita nao ku malo oponyera voti.

Akatswiri anaiyesa njira imeneyi. Mu 1998 Alan Gerber ndi Donald Green a pa yunivesite ya Yale anagawa ovota a mumzinda wa New Haven m'magulu: ena anayenderedwa pakhomo, ena analandira makalata, ena anatumiridwa foni ndi kampani yolipidwa. Kuyendera pakhomo ndiko kunaonjezera kwambiri ciwerengero ca ovota. Makalata anathandiza pang'ono, mafoni ogulawo sanaonetse phindu. Koma mu 2018 Joshua Kalla ndi David Broockman, atasanthula kafukufuku wambiri wotere, anapeza cinthu cina: pa masankho aakulu, makampeni samasintha kwenikweni maganizo a munthu pa cipani cimene amakonda. Mwacidule, odi wa pakhomo satembenuza munthu kucoka ku cipani cina kupita ku cina. Amadzutsa amene anali kudzakhala pansi. Ndipo pamene mpikisano uli wothina, odzutsidwawo ndiwo amagamula. Mu 2020, m'dera lina ku Iowa, Mariannette Miller-Meeks anapambana mpando wa mu House ndi mavoti 6 cabe pa mavoti pafupifupi 400,000.

Mipingo nayo ilimo m'nkhaniyi. Mipingo ya anthu akuda ku America ili ndi mwambo wochedwa Souls to the Polls: pakatha mapemphero pa Sondo, m'masiku amene lamulo limalola kuvota tsiku lenileni lisanafike, akhristu amakwera mabasi pamodzi kupita kukavota. Mwambowu uli ndi mizu m'zaka zimene anthu akuda anali kumenyedwa ndi kuphedwa cifukwa cofuna kulembetsa. Ku Georgia, mabungwe monga New Georgia Project, limene anayambitsa Stacey Abrams, anakhala zaka zambiri akulembetsa ovota atsopano. Pa 5 January 2021 Raphael Warnock, m'busa wa Ebenezer Baptist Church ku Atlanta, mpingo umene Martin Luther King Jr. anatumikirako, anapambana mpando wa Senate pamodzi ndi Jon Ossoff. Mipando iwiri imeneyo inasintha ulamuliro wa Senate yonse. Kumbali inayo, mipingo yambiri ya evangelical yakhala ikugawa timapepala toonetsa maganizo a opikisana, ndipo anthu ake ambiri amavotera a Republican.

Apa ndi pamene pali ngozi. Kuyambira 1954 lamulo lochedwa Johnson Amendment linaletsa mipingo ndi mabungwe osakhoma msonkho kuikira kumbuyo wopikisana aliyense. Mu July 2025 bungwe lotolera misonkho la IRS linauza khoti kuti m'busa akachula wopikisana polankhula ndi mpingo wake pa mapemphero, sanaphwanye lamulolo. Ena anakondwa, koma atsogoleri ena a mipingo anadandaula. Kale ku America ungathe kulota cipani ca munthu pongomva kumene amapemphera. Mpingo ukafika pamenepo, wa cipani cina amaona kuti alibe malo pa gome la Mgonero, ndipo m'busa amasowa pakamwa podzudzula phungu amene anamukweza yekha pa guwa. Komanso timagulu timene timabadwa ndi mkwiyo timavutika kukhala pansi ndi anzao a mbali ina. Pa masankho a m'kati mwa cipani amavota ndi anthu ocepa, nthawi zambiri otentha mtima, ndiye phungu amaopa kugwirizana ndi otsutsa ngakhale pa cinthu cabwino.

Kwa ife a m'mipingo ya mu Zambia, pali zotola ndi zosiya. Coyamba, wodzipereka si kada. Kada amayenda cifukwa ca ndalama, mowa kapena citenge, ndipo amafika ndi ciopsezo. Wodzipereka amafika ndi odi, ndipo akakanidwa amatsazika mwaulemu. Caciwiri, nchito yokumbutsana kulembetsa ndi kuvota sifuna mtundu wa cipani. Mipingo inaonetsa kale zimenezi kudzera mu Christian Churches Monitoring Group, imene imatumiza anthu kukayang'anira masankho ndi kuwerenga kwa mavoti. Makomo timawadziwa kale, pakuti timafikako pa mapemphero a m'masekishoni, pa matenda ndi pa maliro. Timadziwa agogo amene sangayende mtunda wautali, wacinyamata amene wangofika zaka 18 koma alibe khadi la NRC, ndi mai amene anataya khadi lake la voti. Kuwathandiza amenewa ndi utumiki. Kuwauza wom'votera si nchito yathu.

Cacitatu, nchitoyi siithera pa tsiku la voti. A Tea Party ndi a Indivisible anakhala ndi mphamvu cifukwa anali kulondola phungu wao caka conse. Kwathu ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022. Ndi angati a ife anapezekapo pa msonkhano wa komiti ya citukuko ca wadi kukafunsa za mjigo, desiki la mwana wa sukulu kapena nyumba ya namwino?

Pa Nehemiya 3 timawerenga maina a anthu amene anamanganso linga la Yerusalemu, ndipo ambiri a iwo anakonza cigawo coyang'anana ndi nyumba zao. Wansembe, wosula golide ndi wamalonda onse anagwira. Aliyense wa ife ali ndi makomo asanu kapena khumi amene angafikeko wapansi. Tiyambire pamenepo, mwamtendere, ndipo tisiye munthu aliyense alowe yekha m'kacipinda koponyera voti ndi cikumbumtima cake pamaso pa Mulungu.