Kodi dzina la dambo lija analisunga ndani?

Pakhoma la nyumba za mu Doha, ku Qatar, pamakhala kachitsulo kabuluu kolembedwa manambala atatu: ya dera, ya msewu ndi ya nyumba. Amene anakulira ku Area 25 kapena ku Area 18 ku Lilongwe sangadabwe nazo. Manambala amakufikitsa pakhomo osafunsa njira, koma sakuuza chimene chinali pamalopo kale.

Mukatsika sitima pa Msheireb, pakatikati pa mzindawu, funsani tanthauzo la dzinalo. Ndi malo omwerapo madzi. Lero pali nyumba zosanja ndi masitolo, ndipo dzina lokha ndilo latsala kuchitira umboni kuti anthu ankadzatunga pamenepo. Maina ambiri a m'midzi ya ku Qatar ndi otero. Kumene mwaona mawu oti rawda, dziwani kuti ndi malo otsika omwe madzi a mvula amadikhapo, udzu n'kumera, tingoti dambo la m'chipululu. Umm Salal ndi mayi wa miyala. Dukhan, kumene kunayambira mafuta, ndi utsi. Kwa woweta ngamira, kuiwala dzina kunali kuiwala kumene kuli madzi.

Mafuta atayamba kugulitsidwa kunja mu 1949, anthu anakhamukira ku Doha, midzi ya kumpoto monga Al Jumail n'kusanduka mabwinja. M'zaka za m'ma 1990, a Centre for GIS ya boma anayenda ndi akuluakulu m'chipululu, kuwafunsa maina a malo, katchulidwe kake ndi chiyambi chake, n'kuziika pa mapu. Anadziwa kuti nkhalambazo sizikhala muyaya. Kodi zathu ndiye zikhala?

Vuto la kalembedwe nakonso lilipo. Mzungu wina, J. G. Lorimer, analemba maina a ku Qatar mu zilembo za Chingerezi mu 1908 monga anawamvera, ena analembanso mwina. Mpaka pano muona Al Khor apa, Al Khawr apo, ndipo Mesaieed ankalembedwa Umm Said. Ifenso tinadutsa momwemo: Cholo, Mlanje, Kota Kota. Tinakonza. Fort Johnston inasinthidwa kukhala Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji. Koma tinalekera pa maboma. Nanga kumudzi?

Bwanji mudzi umodzi ukulembedwa mwina pachikwangwani cha sukulu, mwina m'buku la kuchipatala, mwinanso pa fomu ya chiphaso cha unzika? Wina waika l, wina r, wina wadya h, ndipo phiri lasanduka piri. Akalakwitsa kalaliki kamodzi, cholakwikacho chimakhala choona chifukwa chadindidwa. Ndani ali ndi mphamvu yonena kuti dzina lenileni ndi ili? A Department of Surveys? A National Archives ku Zomba? A Centre for Language Studies? Kapena aliyense akuyesa kuti ndi ntchito ya mnzake?

Ndiye palinso izi: midzi yathu yambiri imadziwika ndi dzina la mfumu. Mudzi ukagawika, ufumu watsopano umabwera ndi dzina latsopano, lakale n'kuzimiririka mwakachetechete. Maina a madambo, akasupe, nkhalango za manda ndi madooko ndiwo alibiretu mwini papepala. Pomwe ndi omwewo amene amatchulidwa pabwalo mlandu wa malire a munda ukavuta. Gogo amene amadziwa kuti malire ndi chulu chakuti, pafupi ndi mkuyu wakuti, akatisiya, mfumu idzafunsa yani?

Musatiuze za ndalama. Qatar ndi yolemera, inde, koma ntchito imeneyi siifuna mafuta. Foni imene mwana wa Fomu 3 ali nayo m'thumba imajambula mawu bwinobwino. Chikuletsa n'chiyani kuti mphunzitsi wa mbiri atume ana ake, aliyense akabwere ndi maina khumi a kwawo, otchulidwa ndi pakamwa pa agogo ake? Ndipo akabwera nawo, tikawapereke ku ofesi iti?